Liwiro la Intaneti ndi Zilembo Ziwiri

Amuna ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba amene agwira nchito m'migodi ya ku Kitwe ndi ku Chingola masiku ano atumiza zithunzi ndi makanema kwao pa foni. Kanema akacedwa kufika, ena amati ananyengedwa pa liwiro. Koma nkhani yagona pa zilembo ziwiri.

Liwiro la intaneti liyesedwa ndi megabiti pa sekondi, ndipo lilembedwa Mbps, ndi "b" wamng'ono. Kukula kwa kanema, ndiponso bandulo imene munthu agula, ziyesedwa ndi megabaiti, MB, ndi "B" wamkulu. Baiti imodzi iri ndi mabiti 8. Cotero wofuna kudziwa liwiro lenileni agawe nambalayo ndi 8: 8 Mbps inyamula MB imodzi yokha pa sekondi.

Kanema wa ukwati wa 120 MB, pa liwiro la 4 Mbps, atenga mphindi 4, osati theka la mphindi ai. Bandulo ya 1 GB, ndiyo 1,000 MB, ikwanira makanema otere 8 cabe. Intaneti ifulumire kapena icedwe, kanemayo adya bandulo cimodzimodzi.

Cifukwa cace wotumiza akumbukire kuti makolo kumudzi nawonso alipira polandira.