Chosungitsa Sichikhala Chako



Nkhani imene mwandiitanira lero ndi ya lamya za m'manja, makompyuta, ndalama ndi chinsinsi cha munthu. Ena angaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya akatswiri a makina okha, koma anthu wamba akuikamba tsiku ndi tsiku m'minibasi, kuchigayo, pamaliro ndi pamzere wa kubanki, ndipo aliyense ali ndi maganizo ake. Mwa zambiri zimene zimamveka kumeneko ndasankhapo mau atatu. Wina amati, "Lamya yatibweretsera akuba." Wina amati, "Wosalakwa alibe chobisa, asiyeni apolisi aone zonse." Wachitatu amati, "Kompyuta siinama, ndalama zikalowa m'makina zatetezeka." M'mau onsewa muli choonadi, koma onse atatu aphonya pamalo amodzi: akuyang'ana makina, naiwala munthu amene wagwira kiyi. Munthu ameneyo, kawirikawiri, ndi mmodzi mwa ife tili munofe.

Tiyambe taona kuchuluka kwa zimene anthu atisungitsa. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba m'kaundula anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Aliyense anapereka dzina lake, mudzi, mfumu, tsiku lobadwa, chithunzi ndi zidindo za zala. Chaka chotsatira, 2018, bungwe la MACRA linalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Apo nkuti Airtel Money, imene inayamba mu 2012, ndi TNM Mpamba, imene inayamba mu 2013, zitafika kale m'midzi. Tsono chingwe nchimodzi: chiphaso chamangirira nambala ya lamya, nambala yamangirira thumba la ndalama, ndipo thumbalo limalemba amene wakutumizira, amene wamtumizira, kuchuluka kwa ndalamazo, tsiku ndi ola. Kale mlimi akagulitsa fodya ankamanga ndalama pansalu kapena kukazisungitsa m'buku la ku Positi Ofesi, ndipo odziwa anali iye ndi kalaliki mmodzi. Lero munthu wokhala pa kompyuta ku Lilongwe kapena ku Blantyre angathe kudziwa za mai wa ku Nthalire zinthu zimene ngakhale abale ake sazidziwa. Maiyo sanatigulitse zimenezi, anangotisungitsa, monga munthu wopita kutali amasungitsa mbuzi kwa mnansi wake; ndipo mwambo wathu umadziwa bwino dzina la munthu amene wadya mbuzi yosungitsa.

Amene amati lamya yabweretsa akuba sanena bodza. Ambiri mwa ife talandirapo uthenga wakuti wina watumiza ndalama molakwitsa ndipo tibweze msanga. Kapena lamya ya munthu wodzitcha wogwira ntchito kukampani, wofuna nambala yachinsinsi kuti akonze akaunti. Kapena wolonjeza kuika dzina pamndandanda wa Mtukula Pakhomo ndi wa feteleza wotsika mtengo tikamtumizira kangachepe. Akuluakulu a chitetezo akhala akunena poyera kuti ena mwa akubawa amaimba lamya ali m'ndende, makamaka ya ku Zomba. Koma tidzifunse. Lamya inalowa bwanji m'ndende muli alonda pakhomo? Simukhadi imene wakubayo akuimbira inalembetsedwa ndi chiphaso cha yani, ndipo anailemba ndani osaona nkhope ya mwini chiphaso? Wakuba akaimbira mphunzitsi wopuma ntchito namutchula dzina, sukulu imene ankaphunzitsa ndi ndalama zimene akudikira ku Boma, zimenezo wazitenga kuti? Kuseri kwa kuba kotere kumakhala munthu wa muofesi amene anatsegula faelo, kapena amene analandira kanthu nayang'ana kumbali. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chimene chimativuta pothetsa umbavawu nchakuti khosweyo timadya naye limodzi nsima ya masana.

Pofuna kugwira akuba otere apolisi ayenera kuona mabuku a makampani a lamya ndi a mabanki, kuti alondole kumene ndalama yapita. Palibe munthu wanzeru angakane zimenezi, ndipo mai amene waberedwa ndalama ya fizi ya mwana wake ali ndi ufulu wofuna kuti Boma lithamange. Apa ndi pamene pamabadwira mau achiwiri aja, akuti wosalakwa alibe chobisa.

Mau amenewa amamveka okoma, koma owanenawo sawatsata m'nyumba zao. Munthu wosamba sanalakwe kanthu, komabe bafa timalimangira mpanda. Wolemba kalata kwa mkazi wake sanalakwe, komabe amamata envulopu. Amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo, amene ali ndi ngongole kubanki, amene akuthandiza mbale wake mwakachetechete, mai amene wathawa mwamuna womumenya ndipo safuna kuti adziwike kumene ali, onsewa ndi anthu osalakwa, ndipo onse ali ndi chobisa. Nchifukwa chake Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, pa gawo 21, anapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi: kuti asamangofufuzidwa m'thupi, m'nyumba kapena m'katundu wake, asamangolandidwa zake, ndiponso kuti makalata ndi mauthenga ake a pa lamya asamasokonezedwe. Amene analemba gawoli ankakumbukira masiku amene kalata inkafika kwa mwini wake itawerengedwa kale panjira, ndipo anthu ankayamba acheuka asanalankhule.

Ufulu umenewu uli ndi malire, ndipo woika malirewo ndi lamulo. Wapolisi wofuna kuona za m'lamya ya munthu amayenera kupita kubwalo la milandu, kukafotokoza mlandu umene akufufuza, ndi kulandira chilolezo cholembedwa. Ena amaona ngati kumeneku nkutaya nthawi. Koma chikalata chimenechi chimateteza anthu awiri: mwini lamya, kuti asafufuzidwe chifukwa cha nsanje kapena chidani cha munthu wa udindo, ndi wapolisi yemwe, kuti mawa asadzaimbidwe mlandu wochita zosaloledwa. Dziko lino laona kale mmene anthu amakhumudwira akaganiza kuti malire aponderezedwa. Pamene MACRA inagula makina otchedwa CIRMS, inanena kuti ndi oyezera ubwino wa ntchito za makampani a lamya ndi kutsimikiza ndalama zimene makampaniwo amapeza. Anthu anawatcha makina aukazitape, nkhani inalowa m'mabwalo a milandu mpaka ku Khoti la Apilo, ndipo panapita zaka makinawo asanayambe ntchito. Mu Epulo 2022 apolisi ku Blantyre anasunga mtolankhani Gregory Gondwe kwa maola angapo namlanda lamya ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anampatsa chikalata china cha Boma. Anthu anadzudzula kwambiri, katunduyo anabwezedwa, koma chikaiko chinatsala m'mitima. Boma limene anthu amalikaikira limavutika ngakhale pochita zabwino, pakuti munthu wamantha amalembetsa dzina labodza, amabisa ndalama pansi pa mphasa, ndipo akaona wakuba sakanena kupolisi.

Mau achitatu, akuti kompyuta siinama, ife ogwira ntchito m'Boma tiyenera kukhala omaliza kuwakhulupirira. Ndondomeko ya makompyuta yoyendetsera ndalama za Boma, IFMIS, inakhazikitsidwa mu 2005 ndi cholinga chotseka mipata ya kuba. Mu Sepitembala 2013 kalaliki wina wa malipiro ochepa anapezeka ndi ndalama zankhaninkhani, ndipo mwezi womwewo mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, anaomberedwa ndi mfuti pakhomo pa nyumba yake ku Lilongwe. Kunali kuyamba kwa nkhani imene tonse timaidziwa ndi dzina lakuti Cashgate. Akatswiri a kampani ya Baker Tilly atafufuza, lipoti lao la mu 2014 linaonetsa kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013. Njira yake inali yosavuta: anthu a m'kati ankalemba malipiro a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, cheke nkutuluka, kenaka nkufufuta zolembedwazo m'makina. Maiko otithandiza, amene nthawi imeneyo ankapereka pafupifupi magawo 40 mwa magawo 100 a bajeti, anaimitsa thandizo lao, ndipo amene anamva kuwawa anali odwala m'zipatala ndi ana m'masukulu. Kompyuta inachita zimene inauzidwa. Onama anali anthu amene anapatsidwa nambala zolowera, ena kuzigwiritsa ntchito pakuba, ena kuzibwereketsa kwa anzao ngati mpeni wa kukhitchini.

Ngozi ina imachokera kunja kwa ofesi. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'makina a ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko ndipo ankafuna dipo. Ophunzira, odwala ofuna chithandizo kunja ndi amalonda anangokakamira pamzere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Palibe unduna umene unganene kuti makina ake sangalowedwe.

Malamulo otithandiza alipo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wodziwa zochitika m'Boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Mu 2024 kunabwera lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, limene linapatsa MACRA udindo woyang'anira ntchitoyi. Mfundo zake nzomveka: funsani munthu zokhazo zimene ntchito yanu ikufuna, muuzeni chifukwa chake, musazigwiritse ntchito ina, zisungeni mosamala, ndipo mwini wake akafuna kuona kapena kukonza zolakwika, mloleni. Mukaika malamulo awiri omalizawa pamodzi muona kuti akunena chinthu chimodzi. Za Boma, monga mtengo wa mlatho ndi dzina la kampani imene yapatsidwa ntchito, ndi za anthu onse ndipo ziyenera kukhala poyera. Za munthu, monga matenda ake ndi malipiro ake, ndi zake yekha ndipo ziyenera kutsekeredwa. Chomvetsa chisoni nchakuti m'maofesi ambiri tatembenuza: munthu akafunsa za ndalama za chitukuko cha m'dera lake timamuuza kuti nchinsinsi cha Boma, pamene chikalata cha malipiro a mnzathu kapena mndandanda wa odwala umayenda pa WhatsApp dzuwa lisanalowe.

Tsono ndikupempheni zinthu zingapo zimene aliyense angayambe mawa lino popanda kudikira bajeti.

Kwa anzanga ogwira ntchito m'Boma: nambala yanu yolowera m'kompyuta ndi siginecha yanu. Musaipereke kwa mnzanu, kwa mesenjala, ngakhale kwa bwana. Bwana wofuna kulowa m'makina ali ndi nambala yake, ndipo ngati alibe, pali chifukwa chake. Musajambule faelo ya munthu ndi lamya yanu. Mapepala okhala ndi maina ndi manambala a ziphaso musawataye kudzala kumene adzatoledwa ndi okulungira mandasi. Mbale wanu akakupemphani kuti mumuonere amene mkazi wake amalankhula naye, kapena ndalama zimene mpikisano wake pamalonda ali nazo, muuzeni kuti kabatiyo si yanu. Madzi akatayika saoleka. Chinsinsi cha munthu chikatuluka, palibe chipepeso chimene chingachibweze m'faelo.

Kwa apolisi athu: khalani achangu pa mlandu wa nkhalamba imene yaberedwa K20,000 pa lamya monga mumakhalira achangu munthu wa udindo akadandaula kuti wanyozedwa pa Facebook. Anthu amayeza chilungamo poona amene mumathamangira.

Kwa atsogoleri a Chipani: inu ndi amene muli pafupi ndi anthu kuposa wina aliyense. Musasonkhanitse ziphaso za anthu m'thumba mwanu ponena kuti mukukawalembetsera feteleza kapena chimanga; chiphaso chikhale m'manja mwa mwini wake. Wina akakutsutsani pa intaneti, muyankheni ndi mfundo, pakuti kuthamangira kupolisi chifukwa cha mau okuwawani kumachepetsa inu, ndipo lamulo limene mwaligwiritsa ntchito molakwa lero lidzapezeka m'manja mwa wina mawa. Pamisonkhano ya m'midzi patulani mphindi zochepa zokumbutsa anthu kuti nambala yachinsinsi siuzidwa munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wa kukampani. Kuti thandizo la Boma siligulidwa potumiza ndalama pa lamya. Ndiponso kuti munthu asalole simukhadi ya mlendo kulembetsedwa ndi chiphaso chake, chifukwa mlandu suola ndipo udzafika pakhomo pa mwini chiphaso.

Amai ndi abambo, makina atsopano adzabwerabe, oposa amene tili nawowa, ndipo anthu adzapitiriza kutipatsa maina ao, zala zao ndi ndalama zao chifukwa alibe kwina kopita. Mlimi sangakane chiphaso, wodwala sangakane kulembedwa m'buku la kuchipatala. Popeza iwo alibe mwai wokana, udindo wonse uli pa ife olandira. Tiyeni tibwerere kumaofesi ndi kumadera athu tikukumbukira kuti zimene zili m'kabati ndi m'kompyuta zathu zili ndi eni ake, ndipo tsiku lina adzatifunsa mmene tinazisungira.