Nyali za pa Nsanja: Waya Kapena Mafunde?

Mau angaŵa akukupezani popanda chingwe chilichonse pakati pa inu ndi ine, ndipo n'chifukwa chake kabokosi mwakazungulirako timakatcha wailesi, dzina limene kwao limatanthauza chinthu chopanda waya. Tsono mwina mudabwa kumva munthu wolankhula pa wailesi akuikira kumbuyo waya. Komatu ndizo ndadzera madzulo ano, ndipo nkhani yake ndi ya nyali zounikira maseŵero a pa nsanja.

Amene munafikako ku Mtunthama, kum'maŵa kwa boma la Kasungu, mukudziŵa kuti pakati pa minda ya fodya pali sukulu ya Kamuzu Academy, imene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula m'chaka cha 1981, ndipo ili ndi holo yake ya maseŵero ndi nyimbo. M'masiku amenewo, m'maholo ambiri pa dziko lapansi, gulu lililonse la nyali linkafuna waya wakewake wochokera pa tebulo la woziyendetsa. Nyali zikachuluka, mtolo wa mawayawo unkanenepa ngati mkono wa munthu wamkulu.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1986, pamene bungwe la akatswiri a zisudzo la ku America, lotchedwa USITT, linakhazikitsa njira yotchedwa DMX512. Mwa njira imeneyi waya mmodzi yekha amanyamula malamulo 512. Lamulo lililonse ndi nambala chabe, kuyambira 0 mpaka 255: nyali ikamva 0 imazima, ikamva 255 imaŵala kotheratu. Tebulo limabwereza manambala onsewo pafupifupi ka 44 pa sekondi imodzi. Wayayo amaloŵa m'nyali yoyamba, n'kutulukira ku yachiŵiri, monga ulusi m'mikanda, mpaka zipangizo 32 pa mzere umodzi.

Koma pali khalidwe limodzi la DMX limene ndifuna mulisunge m'mutu. Njira imeneyi imangolankhula, simvetsera. Ili ngati munthu wolengeza uthenga wa mfumu m'mamaŵa: amafuula akuyenda, osaima pakhomo kufunsa ngati a m'nyumbamo amva. Nyali imene sinamve bwino ilibe poti n'kudandaula. Ina imangokakamira lamulo limene inamva komaliza, ina imazima, ina imaphethira. N'chifukwa chake akatswiri amaletsa kugwiritsa ntchito njirayi pophulitsa makombola a chikondwerero kapena pokweza katundu wolemera pamwamba pa anthu.

Chitadutsa chaka cha 2000, kunabwera tizipangizo totumiza malamulo omwewo kudzera m'mafunde a wailesi. Makampani aŵiri a ku Sweden, Wireless Solution ndi LumenRadio, anatchuka nato kwambiri. Tambiri mwa ito timagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, ndipo vuto lagona pomwepo, pakuti mafunde omwewo ndi amene Wi-Fi ndi Bluetooth za m'lamya zathu za m'manja zimayendamo. Kuli ngati kuitana mwana wako pa tsiku la msika. Tizipangizo tabwino timazemba phokosoli podumphadumpha kuchoka pa mpata wina wa mafunde kunka pa wina, kambirimbiri pa sekondi, n'kumaleŵa mipata imene muli anthu kale. Nzeru yodumphayi si ya lero ai: mai wina wochita mafilimu, Hedy Lamarr, pamodzi ndi wopeka nyimbo George Antheil, analembetsa njira yotere ku America m'chaka cha 1942, pofuna kuti adani asasokoneze mabomba oyenda m'madzi. Koma tizipangizo totchipa, topanda ndi dzina lomwe, timene tadzaza m'masitolo, sitonse tili ndi nzeru imeneyi.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga pa sukulu ina ya m'chigawo chomwechi cha Kasungu. Dzina lake lisiyeni. Ana anakonzekera seŵero teremu yonse, ndipo aphunzitsi anabwereka nyali zoyendera mafunde. Masana, poyeserera m'holo yopanda anthu, zonse zinayenda bwino lomwe. Usiku holo inadzaza thothotho, ena ataimirira m'mbali, ambiri atakweza lamya kuti ajambule ana awo. Panali gawo lina pamene mai amalandira uthenga wa imfa ya mwana wake ku migodi. Nyali zonse zimayenera kuzilala pang'onopang'ono, kutsala imodzi younika nkhope ya maiyo. Mnyamata wa pa tebulo anatsitsa dzanja lake monga anaphunzirira. Nyali zinakana. Zinakakamira kufiira ndi kubiriŵira kwa gule wa gawo lapitalo, kenaka n'kuyamba kuphethira pamene mtsikana uja anagwada n'kuyamba kulira. Anthu anaseka. Mtsikanayo anamaliza mau ake onse, osaphonya ngakhale amodzi, koma seŵero linali litafa kale.

Chinalakwika n'chiyani? Kachipangizo kotumiza malamulo anakaika pa desiki, kumbuyo kwa holo, m'munsi mwa mapewa a anthu. Thupi la munthu mbali yaikulu ndi madzi, ndipo madzi amameza mafunde a mtundu umenewu. Masana pakati pa desiki ndi nsanja panali mpweya wokhawokha. Usiku panali khoma la anthu ndi lamya zao. Akanakapachika pamwamba, ngakhale pa mlongoti wa bulugamu, poti n'kuonana ndi nsanja, mwina sindikanakhala ndi nkhani yokamba lero.

Wina anena kuti wailesi nayo imachita phokoso nthaŵi zina, koma timamvabe. Zoonadi, pakuti khutu limadziŵa kulumikiza mau oduka. Mukaphonya liu limodzi la nkhani ino, mulipeza m'mau otsatira. Diso lilibe chifundo chotero. Nyali ikaphethira kamodzi kokha pa nthaŵi ya chisoni, holo yonse yaona.

Musaganize kuti waya ndi mngelo. Makoswe amamtafuna kudenga, anthu amampondaponda, akuba amamsirira chifukwa cha mkuwa. Akaduka pakati, nyali zonse za kutsogolo kwake zimagontha. Ambiri amalumikiza nyali ndi waya wa maikolofoni poona kuti mapulagi akufanana, chonsecho wayayo sanapangidwire ntchito imeneyi, ndipo mzere ukatalika nyali zimayamba misala. Enanso amaiŵala kakutsekera kwa ma ohm 120 kamene kamaikidwa pa nyali yomaliza kuti uthenga usabwerere m'mbuyo. Ndipo pa chigwa cha Kasungu, mvula ya ziphaliwali ikayamba mu Novembala, waya wamtali woyalidwa panja kuchoka nyumba ina kunka ina angathe kutengera mphamvu ya mphezi m'kati n'kuotcha tebulo ndi nyali zomwe. Pamenepo mafunde amapambana. Amapambananso pa chikondwerero cha pa mchenga wa kunyanja, kapena woseŵera akamayenda ndi nyali ya batire m'manja, poti simungamkokere chingwe kumbuyo ngati mbuzi.

Kusiyana kwake kuli apa. Waya akalakwa, kulakwako kumakhala pomwepo kudikira inu. Mwana wa Fomu 2 angathe kumtsata ndi dzanja kuchokera pa tebulo mpaka apeze poduka. Vuto la mafunde limabwera ndi anthu, n'kupitanso ndi anthu. M'maŵa mwake mwini nyali amabwera, amayesa m'holo yopanda munthu, zonse zikuyenda, n'kukuuzani kuti mwana wanu ndiye sadziŵa ntchito. Pa sukulu ija zinaterodi, ndipo mnyamata wa pa tebulo anasenza mlandu umene sunali wake. Kumbukiraninso kuti nyali yambiri yotchedwa yopanda waya imafunabe waya wa magetsi. Ngati mwakoka kale chingwe chimodzi kukafika kudenga, chachiŵiri chikulemerani bwanji?

Kwa inu aphunzitsi amene mukukonzekera mpikisano wa maseŵero wa ATEM, kapena atsogoleri a makwaya amene mukufuna kubwereka nyali, maganizo anga ndi aŵa. Nyali zimene seŵero silingakhale popanda izo, makamaka zounika nkhope za oseŵera, ziyendere waya. Mafunde asiyireni zokometsera ndi zimene waya sangazifikire. Obwereketsayo akabwera ndi tizipangizo take, mufunseni ngati wanyamulanso waya wokwanira kuchoka pa tebulo kufika pa nsanja, ndipo wayayo ayalidwe ndithu, ngakhale asalumikizidwe. Tsiku loyeserera komaliza, itanani sukulu yonse iloŵe m'holo, aphunzitsi ndi lamya zao zoyatsa, ena aimirire kumbuyo monga adzachitire makolo, ndipo pamenepo muuzeni mwana wa pa tebulo atsitse dzanja lake.