Mtumiki Watsopano ndi Chilankhulo cha Eni Dziko

Mau olankhulidwa ku Dar es Salaam pa mwambo wolandira mbusa wotumidwa ndi Sinodi



Mawa lino mbale wathuyu ayamba maphunziro ake a Chiswahili. Ndamva kuti ena mwa ife ali ndi dandaulo. Akuti, "Takhala nthawi yaitali tikupempha mbusa wolalikira m'Chichewa. Lero wabwera, nanga atayirenji miyezi yathunthu ali ndi kope ndi pensulo ngati mwana wa sukulu?" Funsoli nloyenera, ndipo ndifuna kuliyankha poyera, poyamba ndi manyazi anga omwe.

Pamene ine ndinatumidwa kuno, ndinaoloka mtsinje wa Songwe ndi kukwera sitima ya pamtunda ku Mbeya mtima uli m'malo. Ndinali ndi satifiketi ya ku sukulu ya ubusa, Chigriki ndinali nditachilawako, ndipo m'sitimamo ndinamva mau onga nyumba, moto, mbuzi ndi nyama. Ndinati mumtima, Chiswahili nChichewa chomwe, chingovala malaya ena. Sabata loyamba anandiuza kuti mapemphero ayamba "saa nne". Ine ndinafika 4 koloko madzulo, nkupeza zitseko zotseka. Sindinadziwe kuti kuno amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa, kotero kuti 7 koloko m'mawa ndiye ola loyamba, ndipo saa nne ndi 10 koloko. Sabata linzake mkulu wa mpingo anati "Tuombe", ine manja ali m'mwamba kufuna kuomba m'manja, pamene anzanga onse anaweramitsa mitu kupemphera.

Zimenezo tinaseka. Koma chachitatu sichinali choseketsa. Tsiku loyamba kuima pa guwa ndinafuna kunena kuti ndadza kudzawauza Uthenga Wabwino, ndipo ndinayamba ndi mau akuti "Nimekuja kuwauza". M'Chiswahili kuuza ndi kugulitsa. Ndinalengeza pamaso pa mpingo kuti ndadza kudzawagulitsa. Titatuluka, mai wina wokalamba ananditengera pambali nandiuza mofatsa kuti agogo ake anachokera ku nyanja ya kwathu, ndipo anafika ku Kilwa ali m'goli la ukapolo. Anati, "Abusa, mau amenewo kuno ali ndi bala." Kuyambira tsiku limenelo maiyo anakhala mphunzitsi wanga. Ndinaphunzira kuti chilankhulo chofanana ndi chako nchimene chimakugwetsa msanga, pakuti suchiopa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Si ine woyamba kuphunthwa motero. Francis Xavier, amene anakhala miyezi ingapo pa chisumbu cha Mozambique naimanso ku Malindi pa gombe lomwe lino m'chaka cha 1542, anafika ku Kagoshima m'dziko la Japan m'chaka cha 1549. Chijapani sanachidziwe, ndipo anadalira womasulira wake Anjiro. Munthu wophunzira kwambiri uja anadziona ngati fano losalankhula pakati pa anthu, nazindikira kuti ayenera kusanduka mwana. Pofuna dzina la Mulungu, anatenga liu lakuti Dainichi, osadziwa kuti ndi dzina la Buddha wopembedzedwa ndi chigawo china cha Abuda. Ansembe a chipembedzocho anamlandira ndi manja awiri poyesa kuti ndi mnzao. Panapita pafupifupi zaka ziwiri asanaone cholakwacho ndi kuleka dzinalo. Liu limodzi losafunsidwa bwino linasokoneza ulaliki wa zaka ziwiri.

Tsono tiyang'ane amene anadekha. Amishoni a UMCA anayamba ntchito kwathu ku Magomero m'chaka cha 1861. Bishopu Mackenzie atamwalira mu 1862, wolowa m'malo mwake, Bishopu Tozer, anasamutsira mishoniyo ku Zanzibar mu 1864. Pamodzi naye panali Edward Steere. Iyeyu anakhala pansi ndi eni chisumbucho, ambiri a iwo Asilamu, namvetsera nthano zao, nalemba mau ao limodzi limodzi. Mu 1870 anatulutsa buku lophunzitsira Chiswahili, ndipo Chipangano Chatsopano chathunthu chinasindikizidwa mu 1883, iye atamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo. Chifukwa chake pamene Johann Jakob Greiner anafika kuno ku Dar es Salaam mu 1887 kudzayamba ntchito imene Alutera a mumzinda muno amaikumbukira ngati chiyambi chao, anapeza njira italambulidwa kale ndi munthu amene sanachite manyazi kukhala wophunzira.

Pali dzina lina limene ife Amalawi tisamaliiwale. Kufupi ndi Mombasa, m'chaka cha 1853, mmishoni Johannes Rebmann anakumana ndi kapolo wina dzina lake Salimini, wogwidwa kuchokera m'dziko la Achewa, chakufupi ndi Lilongwe. Rebmann anamva munthuyo akulankhula chilankhulo chachilendo, nayamba kumfunsa tanthauzo la mau ake. Pa kucheza kwa awiriwa panatuluka buku lotanthauzira mau a chilankhulo chathu, limene linasindikizidwa mu 1877. Taonani, mphunzitsi anali kapolo, wophunzira anali mzungu wodziwa mabuku. Momwemonso Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, silinachokere m'mutu wa Dr. W. H. Murray yekha. Iye anafika kwathu mu 1894 wosadziwa chilankhulo chathu, ndipo makolo athu ndiwo anamuongola lilime. Ngati ife tiwerenga Mau a Mulungu m'Chichewa lero, nchifukwa chakuti alendo ena analola kusekedwa ndi kukonzedwa. Kodi ife tikatumidwa kwa eni ake tikane mtolo womwewo?

Ndibwerere ku dandaulo lija. Nzoona kuti mumzinda muno muli Amalawi ambiri, ogwira ntchito m'nyumba za anthu, ochita malonda ku Kariakoo, ndi oyendetsa magalimoto otenga katundu ku doko. Iwo ayenera kumva Uthenga m'chilankhulo cha amai ao, ndipo mbusayu sadzawamana. Koma tayang'anani ana athu akhala kutsogoloku. Anabadwira kuno, amasewera m'Chiswahili, amalota m'Chiswahili. Ena mwa inu munakwatira kapena kukwatiwa ndi eni dziko. Mbusa wosadziwa Chiswahili adzaweta makolo ndi kutaya ana, adzaima pa maliro osatha kutonthoza theka la olira. Pa tsiku la Pentekoste, monga tiwerenga pa Machitidwe 2, Mzimu Woyera sanakakamize khamu lija kuphunzira chilankhulo cha atumwi, koma atumwi ndiwo analankhula zilankhulo za khamulo. Mtolo wa chilankhulo amasenza ndi wotumidwa.

Tsono inu mbale wanga, landirani malangizo atatu. Choyamba, musathawire kwa Amalawi okhaokha madzulo alionse chifukwa lilime latopa. Pitani ku msika, kwerani daladala, khalani pa maliro, pakuti buku lidzakupatsani malamulo koma anthu adzakupatsani mau. Chachiwiri, phunzirani ulemu musanaphunzire ulaliki. Kwa wamkulu muziti "Shikamoo", ngakhale muli ndi kolala m'khosi, ndipo mudikire ayankhe "Marahaba". Chachitatu, mau akuluakulu a chikhulupiriro muwafunse kawiri. Moyo kwathu ndi umoyo, kuno moyo ndi mtima. Musakwere nalo pa guwa liu limene simunaliyese pamaso pa munthu wokhoza kukudzudzulani. Kudzafika masiku amene mudzabwera kunyumba mutu ukuwawa, mukudzifunsa ngati Sinodi sinalakwe potuma inu. Masiku amenewo mukumbukire kuti kuona maso a nkhono nkudekha, ndiponso kuti Ambuye wathu anakhala zaka makumi atatu ku Nazarete asanalalikire poyera.

Ndipo inu a mpingo, ntchito yanu nayi. Mpatseni nthawi mbusa wanu. Akalakwa musamseke kuseri, koma mumtengere pambali monga anandichitira mai uja. Iye anatisiya kale, ndipo dzina lake silinalembedwe m'buku lililonse la Sinodi, koma ulaliki uliwonse umene ndaupereka m'Chiswahili uli ndi dzanja lake.

Mulungu amene anatsegula pakamwa pa Mose atsegulenso makutu ndi pakamwa pa mtumiki wakeyu. Tiyeni tipemphere. Kapena ndinene monga anandiphunzitsira eni dziko: Tuombe.