TIMU IMENE INAKANA KUSIYA ANZAWO

Nkhani ya lero ikuchokera ku mzinda wa San Francisco, m'mphepete mwa nyanja ya Pacific m'dziko la America, ndipo inachitika m'chaka cha 1951, patangopita zaka 6 chithere Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse.

Mumzindawo muli sukulu ya ukachenjede ya ansembe achijezuiti, University of San Francisco. Timu yake ya mpira inkatchedwa Dons. Mpira wake suli ngati uja umene anyamata amauponda ndi mapazi pa mabwalo a m'midzi. Uwu ndi wosongoka mbali zonse ziŵiri, ndipo oseŵera 11 mbali iliyonse amaunyamula m'manja, kuponyerana, ndi kugwetsana pansi. Woufikitsa kuseri kwa mzere wa adani amapatsa timu yake mapointi 6.

Chaka chimenecho mphunzitsi wawo Joe Kuharich anali ndi anyamata oopsa. Anaseŵera maseŵero 9 ndipo anapambana onse. Ku New York anagonjetsa Fordham ndi 32 kwa 26. College of the Pacific anaikwapula ndi 47 kwa 14, ndipo pomaliza anagonjetsa Loyola ya ku Los Angeles ndi 20 kwa 2. Katswiri wawo anali Ollie Matson, mnyamata waliŵiro lodabwitsa, amene anathamanga ndi mpira mayadi 1,566, kuposa woseŵera wina aliyense wa m'masukulu a ukachenjede m'dzikomo chaka chimenecho. Potchinga adani ankadalira Burl Toler. Anyamata aŵiriŵa anali akuda, pamene anzawo onse anali azungu.

Mwambo wa ku America ndi wakuti nyengo ya mpira ikatha, matimu ochita bwino amaitanidwa ku maseŵero aakulu a pa chaka chatsopano. Kumeneko kumachoka ulemu, komanso ndalama zambiri za pakhomo. Dons inkazisoŵa ndalamazo. Chiyambire 1946 timu ya akatswiri olipidwa, 49ers, inkaseŵera pa bwalo lomwelo la Kezar ndipo inkakoka oonerera ambiri, kotero kuti mpira unali kuiloŵetsa sukuluyo m'ngongole.

Tsoka lake linali lakuti ambiri mwa maseŵero aakuluwo ankachitikira kumwera kwa dzikolo, kumene malamulo a tsankho anali amphamvu. Munthu wakuda sankaloledwa kuphunzira sukulu imodzi ndi mzungu, kugona hotela imodzi, ngakhale kumwa madzi pa mpopi umodzi. Monga oseŵerawo anafotokozera pambuyo pake, uthenga unaŵafika wakuti angathe kukaseŵera mu Orange Bowl ku Miami, koma pokhapokha atasiya Matson ndi Toler kumudzi.

Anyamatawo sanachedwe kuyankha. Anakana. Ankadziŵa kuti popanda liŵiro la Matson ndi mphamvu za Toler sakanafika pamene anafikapo. Anali atadyera limodzi, kuyendera limodzi pa sitima, ndi kuvulalira limodzi pa bwalo. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo iwo anazimiradi, ngakhale moto umenewo sunali pa ndevu zawo. Pa 1 January 1952 ku Miami kunaseŵera Georgia Tech ndi Baylor, Dons ili kwawo.

Kukanako sikunali kwaulere. Mpira unali utaiwonongetsa sukuluyo pafupifupi madola 70,000, ndipo chaka chisanathe akuluakulu ake analengeza kuti timuyo yathetsedwa. Anyamata amene sanagonje ndi kamodzi komwe anapezeka opanda timu. Amene anali asanatsirize maphunziro anayenera kusankha pakati pa kusiya mpira ndi kusamukira kwina. Mmodzi wa iwo, Bob St. Clair, anapita ku Tulsa.

Nanga anyamataŵa anathera kuti? M'chaka cha 1952 Matson anapita ku maseŵero a Olimpiki ku Helsinki, kumene analandira mendulo yamkuwa pa mpikisano wa mamita 400 ndi yasiliva pa liŵiro lopatsirana kamtengo. Kenaka anaseŵera mpira wolipidwa kwa zaka 14. Iye pamodzi ndi Gino Marchetti analoŵetsedwa m'nyumba ya ulemu ya akatswiri a mpirawo m'chaka cha 1972, ndipo St. Clair anaŵatsatira mu 1990. Ngakhale mnyamata amene ankalemba nkhani za timuyo kutumiza ku manyuzipepala, Pete Rozelle, anadzakhala mkulu wa bungwe la NFL kuyambira 1960 mpaka 1989.

Njira ya Toler inali yosiyana. Anavulala bondo pa maseŵero a akatswiri a m'masukulu mu 1952, ndipo kuseŵera kwake kunathera pomwepo. Anakhala mphunzitsi mu San Francisco momwemo, nakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu. M'chaka cha 1965 anasankhidwa kukhala woimbira maseŵero a NFL, munthu wakuda woyamba kulandira udindo umenewo, ndipo anaugwira kwa zaka 25. Munthu amene anamuona wosayenera kuponda bwalo la ku Miami ndiye anadzakhala woweruza ena pa mabwalo aakulu a dzikolo. Toler anamwalira mu 2009, Matson mu 2011.

Chikho sanachilandire, koma mu January 2008 otsala a timuyo, ali nkhalamba za imvi, anaitanidwa ku Fiesta Bowl kukalandira ulemu pamaso pa khamu la anthu.

Omvera, matimu opambana maseŵero onse akhalapo ambiri, ndipo ochuluka aiŵalika. Dons ya 1951 imakumbukiridwabe chifukwa cha seŵero lakhumi lija, limene anakana kuliseŵera popanda anzawo aŵiri. Tsalani bwino.