Mcira wa Mau Wocokera ku Roma

Lero titenga kacidutswa kamodzi ka Cingerezi kamene kamakhala kumapeto kwa mau monga mcira, ndipo tikalondola mpaka kumene kanacokera.

Tiyambe ndi cilankhulo cathu. Tikati "kuona", pali munthu amene akuona. Koma tikati "kuoneka", tanena kuti cinthuco cingathe kuonedwa. Momwemonso "kudya" ndi "kudyeka", "kuwerenga" ndi "kuwerengeka". Angerezi nawo ali ndi njira yonenera zimenezi: amatenga mneni, namuikira -able kapena -ible, ndipo pamatuluka mfotokozi. Madzi omweka ndi "drinkable". Malaya ocapika ndi "washable".

Mcira umenewu suli wa Angerezi eni. Unabadwira m'Cilatini, cilankhulo ca Aroma akale. Aneni a Cilatini otha ndi -are ankalandira -abilis: "portare", kunyamula, anabala "portabilis", ndiye kholo la "portable". Aneni ena ambiri ankalandira -ibilis: "audire", kumva, anabala "audibilis", ndipo "credere", kukhulupirira, anabala "credibilis". Apa ndi pamene panayambira cisokonezo ca a ndi i cimene cimagwetsa ana ambiri pa mayeso a kalembedwe.

Nanga unafika bwanji ku England? M'caka ca 1066, William wa ku Normandy anagonjetsa Mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings. Anthu ake ankalankhula Cifalansa, cimene ndi mwana wa Cilatini, ndipo kwa zaka zambiri Cifalansaco cinali cilankhulo ca kunyumba ya mfumu ndi ca pabwalo la milandu. Mau ambirimbiri analowa m'Cingerezi mcira uli kale kumbuyo. Pambuyo pake Angerezi anauzolowera, nayamba kulumikiza -able ku aneni awoawo. Koma -ible anakhalabe, makamaka, pa mau obwereka ku Cilatini.

N'cifukwa cake pali mau amapasa. "Eatable" ndi "edible" onse anena za cakudya, koma woyamba acokera ku "eat" wa Angerezi, waciwiri ku "edere" wa Aroma. "Readable" ndi "legible" nawo ndi amapasa, ngakhale anasiyana nchito: buku lokoma kuwerenga ndi "readable", koma zolemba za mwana zimene mphunzitsi angathe kuzizindikira ndi "legible".

Ambiri amaganiza kuti mcirawu ndi liu lija "able" lomatidwa kumapeto. Kuganiza kotero kumathandiza mwana kumva tanthauzo, ndipo ine sindingamuletse. Koma m'mbiri "able" ndi liu lina, locokera ku "habilis".

Tsono, ana, nayi nzeru ya polemba. Bisani mcira ndi cala. Ngati catsala ndi liu lathunthu la Cingerezi, monga "break" mu "breakable", kawirikawiri mudzalemba -able. Ngati catsala cilibe tanthauzo pacokha, monga "vis" mu "visible" kapena "poss" mu "possible", lembani -ible. Ndati kawirikawiri, pakuti mau ena, monga "flexible", samvera lamuloli. Amenewo aloweze pamtima.

Aphunzitsi, lembani pabolodi "kuoneka", "kumveka", "kusweka" ndi "kunyamulika". Ana apeze liu la Cingerezi la lililonse, ndipo anene cifukwa cake asankha a kapena i.