Kulemba Nkhani Yaitali Masiku Ali Owerengeka

 Lero ndifuna kucheza ndi inu amene munalonjeza kulemba nkhani yaitali, tsiku loipereka layandikira, koma pepala likadali loyera.

Poyamba ndifotokoze mtundu wa nkhani zimene ndikunenazi. Alipo anthu amene akawerenga buku kapena kuonera kanema sakhutira ndi pamene mwini wake analekezera. Iwowa amatenga anthu a m'nkhanimo nawalembera nkhani zina zatsopano, osati kuti agulitse ayi, koma kaamba ka kuwakonda. Pa Chingerezi nkhani zotere amazitcha fan fiction. Si zachilendo kwenikweni, pakuti agogo athu sanalenge Kalulu, koma aliyense ankamupatsa ulendo wakewake pocheza madzulo. Ku America okonda kanema wa Star Trek anayamba kusindikiza timabuku ta nkhani zotere mu 1967, ndipo masiku ano zochuluka zimasungidwa pa intaneti.

Alembi amenewa ali ndi mwambo wopatsana nkhani ngati mphatso. Wotchuka kwambiri ndi Yuletide, umene unayamba mu 2003. Munthu amatchula mabuku kapena makanema amene afuna kuti wina amulembere nkhani yake, natchulanso amene iye angathe kulembera anzake. Kenaka amapatsidwa dzina la munthu amene mwina sanamuonepo, ndipo ayenera kumulembera nkhani yathunthu ya mawu osachepera 1,000 Khirisimasi isanafike. Pa nyengo ya Khirisimasi nkhani zonse zimatsegulidwa popanda maina a alembi, ndipo mainawo amaululidwa pa 1 Januwale.

Tsono vuto limabuka motere. Mlembi amaganiza kuti alemba kankhani kamasamba atatu, koma pamene wayamba, nkhani ija imakula nifuna mawu 20,000. Nanga atani? Mfundo yanga ndi imodzi: wolandira mphatso akuyembekeza nkhani yokhala ndi mathero. Nyumba yaing'ono yofolera imaposa chinyumba chachikulu chopanda denga, makamaka mvula ikagwa.

Choyamba, werengani masiku musanalembe liwu ndi limodzi lomwe. Ku koleji ya aphunzitsi ankatiuza kuti mphunzitsi amene sagawa ntchito ya teremu m'masabata amafika pa mayeso ali pakati pa buku. N'chimodzimodzi ndi mlembi. Tinene kuti mwatsala ndi masiku 42. Chotsanipo masiku 10 okonzera nkhani mukatha kuilemba. Chotsaninso masiku 7, pakuti maliro, matenda ndi alendo sapempha chilolezo. Atsala ndi masiku 25, ndipo kuti mufike pa mawu 20,000 muyenera kulemba mawu 800 tsiku lililonse. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti simungapose mawu 400 pa tsiku, nkhani yanu ndi ya mawu 10,000. Ichepetseni lero lomwe, musadikire sabata yomaliza.

Chachiwiri, sankhani njira imodzi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Buku limene mumalikonda lingakhale ndi anthu makumi awiri, koma inu tengani awiri kapena atatu amene wolandira mphatso anawatchula, ndi vuto limodzi lowasautsa. Werenganinso bwino pempho lake, makamaka zimene ananena kuti sazifuna. Ndipo lembani za chinthu chimene muchidziwa kale, chifukwa nthawi yofufuza mulibe.

Pamenepa ndikumbuka Fyodor Dostoevsky, mlembi wa ku Russia. Iyeyu anasaina pangano ndi wosindikiza mabuku dzina lake Stellovsky lakuti apereke buku latsopano pofika pa 1 Novembala 1866, apo ayi wosindikizayo adzakhala ndi mphamvu yosindikiza mabuku ake kwa zaka 9 osamulipira kanthu. Mwezi wa Okutobala unafika buku lisanalembedwe. Dostoevsky sanayambe kufunafuna nkhani yakutali. Anatenga nkhani ya juga, imene inali itamusaukitsa iye mwini, naitana mtsikana wodziwa kulemba mwachidule, Anna Snitkina, kuti azilemba zimene iye ankayankhula. M'masiku 26 buku lotchedwa The Gambler linatha, ndipo chaka chotsatira awiriwo anakwatirana. Sindikulonjezani banja, koma phunziro mwalimva.

Chachitatu, dziwani kumene mukupita. Lembani papepala limodzi zochitika zonse, chilichonse mzere umodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kenaka ikani chizindikiro pa zochitika zimene nkhani singaime popanda izo. Zimenezo ndizo nsanamira, ndipo muyambe mwalemba izo, pamodzi ndi mathero ake. Zotsalazo ndi zokongoletsa. Masiku akakutherani mudzangozisiya, ndipo wowerenga sadzadziwa kuti zinalipo m'maganizo mwanu. Koma amene alemba mwandondomeko kuchokera pa tsamba loyamba, nthawi ikamuthera amathamangitsa mathero, pamene mathero ndiwo amatsala mumtima mwa wowerenga.

Chachinayi, khalani ndi nthawi yanu yolembera ndipo muilemekeze. Anthony Trollope wa ku England ankagwira ntchito ku positi ofesi, komabe analemba mabuku a nkhani 47. Ankayamba kulemba 5:30 m'mawa, wotchi ili patsogolo pake, nadzikakamiza kulemba mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse. Sankadikira kuti mtima ufune. Inunso polemba musabwerere m'mbuyo kukapala chiganizo cha dzulo. Mukaiwala dzina la mudzi kapena la munthu, siyani mpata, pitirirani. Ndipo madzulo lekerani pamene mukudziwa chimene chidzatsatira, kuti m'mawa musayambe ndi kukanda mutu.

Chachisanu, mutu umodzi susenza denga. Pezani mnzanu wodziwa buku limene mukutengamo anthu anu, ndipo mumuuziretu tsiku limene adzalandira nkhani. Mumufunse zinthu ziwiri zokha: kodi anthu awa akuyankhula monga amayankhulira m'buku lawo, ndipo ndi pati pamene anayamba kutopa? Pamene watopapo dulani. Ife a pa wailesi timadula tsiku ndi tsiku, pakuti nyale yofiira ikayaka sifunsa ngati mwakonzeka, ndipo kawirikawiri pulogalamu yodulidwa ndiyo imakoma.

Pomaliza, ngati zakanikadi, nenani msanga. Oyendetsa mwambowu amakhala ndi alembi ena odzipereka amene amalowa m'malo mwa wolephera, koma iwonso afuna masiku. Kubisala mpaka usiku womaliza ndiko kulakwa kwenikweni, chifukwa kwinakwake kuli munthu amene adzadzuka m'mawa wa Khirisimasi kufuna kuona chimene wina anamuganizira. Iyeyo sadzawerenga kuchuluka kwa mawu. Adzafuna kupeza anthu amene amawakonda ali amoyo, ndi kuyenda nawo mpaka pamapeto a ulendo.

Motero, okondedwa omvera, usiku uno tengani kalendala ndi pensulo, muwerenge masiku amene akutsalirani. Mpaka sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, tsalani bwino.