Nsikidzi, Mphemvu ndi Ciphe ca m'Nyumba: Mau kwa Aphunzitsi

Mphunzitsi amadziwa msanga mwana amene sanagone bwino. Amasinza m'kalasi, nadzikanda pamkono pamene pali zotupa zotsatana. Kawiri-kawiri mlandu uli pa nsikidzi. Ku Northmead, monganso ku Kabwata ndi ku Chelstone, mabanja ambiri akhala m'nyumba zogundana makoma, ndipo tizirombo timayenda kucoka ku banja lina kumka ku linzace, podzera m'ming'alu ndi m'mbali mwa mipope. Nsikidzi sizisankha wosauka: zimafika ndi cikwama ca mlendo, kapena ndi matiresi ogulidwa kwa wina, nizilowa ngakhale m'nyumba zabwino za ku Kabulonga.

Munthu wotopa ndi kulumidwa amafuna mankhwala amphamvu koposa onse. Apa ndipo pagona ngozi, pakuti ciphe cimene cipha msanga kacirombo cikhoza kuphanso mwana.

Mbiri ya DDT iphunzitsa zambiri. M'caka ca 1939 Paul Müller wa ku Switzerland anapeza kuti mankhwalawa amapha tizirombo, ndipo mu 1948 analandira mphotho ya Nobel. Anthu anayesa kuti nkhondo yatha. Koma nsikidzi zocepa zimene sizinafe zinabala ana olimba ngati izo, mpaka mankhwalawo analeka kugwira nchito pa izo. Mu 1962 Rachel Carson analemba buku lochedwa Silent Spring, nasonyeza kuti DDT imakhalitsa m'nthaka ndi m'matupi a mbalame ndi nsomba. Pangano la ku Stockholm la 2001 linailola pa nchito yolimbana ndi tizirombo tofalitsa matenda, monga udzudzu wa malungo, osati kuti munthu aliyense azipopera m'cipinda cace. Lero nsikidzi za m'maiko ambiri zalimbanso pa mankhwala a m'zitini zopopera. Cifukwa cace kuonjeza muyeso kumabvulaza anthu, nsikidzi zili moyo.

Coopsa koposa ndico kutengera m'nyumba mankhwala a kumunda kapena a m'nkhokwe. Alipo mapiritsi a aluminium phosphide amene amaikidwa m'cimanga kuti aphe anankafumbwe. Akakhudzana ndi cinyezi ca mumpweya amaturutsa mpweya wakupha wochedwa phosphine, umene umalowa ngakhale m'cipinda ca mnansi. Mu 2015, ku Fort McMurray m'dziko la Canada, ana awiri a banja limodzi anamwalira atapuma mpweyawu, pamene mapiritsiwo anaikidwa m'nyumba kuti aphe nsikidzi. Ena amagula timabotolo ta madzi onunkha topanda dzina, amene nthawi zina ndi dichlorvos. M'Zambia muno bungwe la ZEMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo liyang'anira malonda a mankhwala otere. Botolo lopanda cizindikiro ndi malangizo lisalowe m'nyumba konse.

Nanga banja licite ciani? Nsikidzi ndi mazira ace zimafa ndi kutentha. Zofunda zicapidwe m'madzi otentha kwambiri ndi kusitidwa. Madzi owira athiridwe m'mfundo za kama. Ming'alu ya khoma imatidwe. Kama asunthidwe kuti asakhudze khoma. Mazira amaswa patapita sabata limodzi kapena awiri, ndipo nsikidzi imakhala miyezi osadya, motero nchitoyi ibwerezedwe kangapo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mphemvu zimatsata cakudya ndi madzi: mbale zitsukidwe usiku womwewo, ufa ubvundikiridwe, mpope wodontha ukonzedwe. Ndipo popeza makoma ndi amodzi, anansi agwirizane tsiku limodzi locitira zonsezi.

Ngati mankhwala ololedwa afunikabe, malangizo a pa citini awerengedwe ndi kutsatidwa. Ana, odwala ndi ziweto aturutsidwe, cakudya cibisidwe, ndipo mazenera atsegulidwe nthawi yokwanira anthu asanabwerere. Otsala asungidwe pamwamba, mokhoma, ndipo asathiridwe m'botolo la cakumwa, pakuti mwana waludzu sawerenga.

Mphunzitsi ayenera kudziwanso zizindikiro za munthu amene ciphe camulowa: malobvu ambiri, thukuta, kusanza, mutu, kubanika, ndi mboni za m'maso kucepa kwambiri. Wotere aturutsidwe ku mpweya wabwino, abvulidwe zobvala zonyowa ndi mankhwala, asambitsidwe ndi sopo, nathamangitsidwe ku cipatala capafupi kapena ku University Teaching Hospital, botolo lomwe litengedwe kuti a dokotala adziwe cimene alimbana naco. Asamkakamize kusanza, ndipo mkaka si mankhwala a ciphe.

Zimene mwana wamva pa phunziro la ukhondo amakazinena madzulo kwa mace ndi atate wace. Cifukwa cace mphunzitsi apatule nthawi ya nkhani iyi nyengo yotentha ya Okutobala isanafike, pamene tizirombo timaswana msanga ndipo makolo amafulumira kumka kumsika kukafuna mankhwala.